Kodi 720,720 ndi nambala yamtundu wanji? Zokambirana za okonda masamu m'chigwa cha Shire

Mphunzitsi wa masamu, Ngabu

Ndikupereka moni kwa nonse, akuluakulu ndi ana asukulu omwe. Sabata yatha ndinafunsa ophunzira anga a Fomu 2 kuti andipezere ndalama zochepetsetsa zimene gulu la aganyu otola thonje lingagawane mofanana popanda kutsala kwacha ngakhale imodzi, gululo likhale la anthu awiri, atatu, anayi, kapena chiwerengero china chilichonse mpaka 16. Ambiri anachulukitsa nambala zonse kuyambira 1 mpaka 16, ndipo anapeza chinambala cha madijiti 14 chomwe chinawatopetsa pochilemba. Mtsikana mmodzi yekha ndiye anakumbukira LCM, nambala yochepetsetsa imene imagawika ndi nambala zonse zopatsidwa, ndipo atakhala nalo funsolo pafupifupi theka la ola anandibweretsera yankho loti 720,720. Yankholi ndi lolondola, ndipo chiyambire tsiku limenelo nambalayi sikundichoka m'mutu. Ndabwera nayo pano kuti tithandizane kuisanthula, tione kuti inamangidwa bwanji komanso kuti akatswiri a masamu amaiika m'magulu ati.

Mayi mphunzitsi wa pulayimale, Nchalo

Zikomo aphunzitsi. Ndayesa pa kalikuleta ndipo zikutheka ndithu: kugawa ndi 7 kukupereka 102,960, ndi 11 kukupereka 65,520, ndi 13 kukupereka 55,440, ndipo ndi 16 kukupereka 45,045. Pa 17 pokha ndi pamene yakana, chifukwa pakutsala 5. Chimene ndikufuna mutifotokozere ndi chifukwa chake tinganene motsimikiza kuti palibe nambala ina yaing'ono kuposa iyi imene ingachite zomwezi, pakuti palibe munthu amene angayese nambala zonse imodziimodzi.

Mphunzitsi wa masamu, Ngabu

Mayi, yankho lagona pa nambala za prime, zija zomwe zimagawika ndi 1 komanso ndi izo zokha. Nambala yathu tikaiphwanya mpaka kumapeto ikukhala 2 × 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13, ndipo palibe chidutswa chimene chili pamenepo mwangozi. Kuti nambala igawike ndi 16 iyenera kukhala ndi 2 kanayi, ndipo ikakhala nayo kanayi ndiye kuti 2, 4 ndi 8 zalowa kale. Kuti igawike ndi 9 iyenera kukhala ndi 3 kawiri. Nambala 5 ikufunika kamodzi kokha chifukwa 25 ili kunja kwa malire athu a 16, ndipo n'chimodzimodzi ndi 7, 11 ndi 13. Zina zonse, monga 6, 10, 12, 14 ndi 15, zimapangidwa kuchokera ku zidutswa zomwezi, choncho sizikufuna chowonjezera. Mukachotsapo chidutswa chimodzi chokha, gulu lina likanika kugawana: kuchotsa 2 mmodzi kukutsalitsa 360,360 yomwe sigawika ndi 16, ndipo kuchotsa 13 kukutsalitsa 55,440 yomwe sigawika ndi 13. Umenewo ndiwo umboni wake. Nambala iliyonse yokwaniritsa zofuna zathu iyenera kukhala ndi zidutswa zonsezi, ndipo yaing'ono kwambiri ndi imene ili ndi zidutswa zimenezi zokha.

Msungichuma wa banki mkhonde, Bangula

Bambo, masamu anu ndawamva, koma ndikonzepo chinthu chimodzi kuti ana asatengere kunyumba maganizo olakwika. Wina pagulu lathu ataona nkhaniyi ananena kuti nambala imeneyi ingathetse mikangano ya tsiku logawana ku banki mkhonde, koma ife sitigawana mofanana. Aliyense amalandira malinga ndi masheya amene anagula m'chaka chonse, ndipo timayamba tapeza mtengo wa sheya imodzi pogawa ndalama zonse ndi chiwerengero cha masheya. Choncho chimene chimavuta kwa ife si chiwerengero cha anthu koma cha masheya, ndipo chimenecho chikhoza kukhala nambala ina iliyonse. Chitsanzo chanu cha aganyu n'choyenera, pakuti iwo akagwira ndime imodzi pamodzi amagawanadi mofanana.

Mphunzitsi wa masamu, Ngabu

Mwanena zoona mayi, ndipo ndikuthokoza. Ngati masheya onse pamodzi atakwana 391, yomwe ndi 17 × 23, nambala yathu singathandize konse chifukwa ilibe 17 kapena 23 m'kati mwake.

Wophunzira wa Fomu 4, Nsanje

Aphunzitsi, ndinayesa kulemba mafakita onse (nambala zoigawa popanda chotsala) a 720,720 m'kope langa, koma nditadutsa 90 ndinasokonezeka ndipo sindikudziwa ngati ndatsala pang'ono kapena ayi. Kodi pali njira yodziwira kuchuluka kwake popanda kuwalemba onse?

Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Chikwawa

Mwanangu, njira ilipo ndipo ndi yokoma kwambiri. Taganiza kuti ukumanga fakita iliyonse posankha zidutswa zimene aphunzitsi a ku Ngabu atiyalira zija. Pa 2 uli ndi zosankha zisanu, pakuti ukhoza kusamutenga konse, kapena kumutenga kamodzi, kawiri, katatu kapena kanayi. Pa 3 uli ndi zosankha zitatu. Pa 5, 7, 11 ndi 13 uli ndi zosankha ziwiri paliponse, kutenga kapena kusiya. Popeza kusankha kwa pamalo amodzi sikuletsa kusankha kwa pamalo ena, timachulukitsa: 5 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2, ndipo yankho ndi 240. Ukasiya zidutswa zonse umapeza 1, ukatenga zonse umapeza 720,720 mwini wake, ndipo pakati pa awiriwa pali mafakita ena 238. Ndiye iwe unali usanafike ndi theka lomwe. Ngati ukufunabe kuwalemba, uziwalemba awiriawiri, monga 2 ndi 360,360, 3 ndi 240,240, 24 ndi 30,030, 26 ndi 27,720, ndipo ukakwanitsa mapeya 120 udziwa kuti wamaliza.

Mlangizi wa zaulimi, Miseu Folo

Agogo, mapeya amene mwatchulawa kwa ine akuoneka ngati minda. Peya iliyonse ndi njira imodzi yoyalira mapando 720,720 m'mizere yofanana kutalika. Ndafufuza peya imene ikuyandikira kwambiri munda wa mbali zofanana, ndipo ndapeza mizere 840 ya mapando 858 uliwonse. Pakati pa 840 ndi 858 palibe nambala ina imene ikugawa 720,720. Nambalayi si sikweya (nambala yopezeka pochulukitsa nambala ina ndi iyo yomwe), chifukwa 848 × 848 ndi 719,104 pamene 849 × 849 ndi 720,801, ndipo yathu yagwera pakati. Kuti ndione kukula kwake ndi maso, ndawerengera ngati chimanga chodzala njere imodzi paphando, mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mapando otalikirana masentimita 25. Munda wake ukukhala wa mamita 630 mbali ina ndi mamita 214.5 mbali inayo, kutanthauza masikweya mita 135,135, omwe ndi mahekitala 13 ndi theka kuwonjezapo pang'ono. Chimene chandidabwitsa n'chakuti yankholinso latuluka lobwereza madijiti ake, 135 kawiri, monga momwe 720 yabwerezedwera.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Chikwawa

Achimwene, zimenezo sizinachitike mwamwayi, ndipo tizifikira posachedwa tikamakamba za 1,001. Pakalipano ndiwonjezere pa nkhani ya sikweya ija. Mafakita amabwera awiriawiri, kupatula pamene nambala ili sikweya, chifukwa pamenepo pali fakita imodzi imene imadzichulukitsa yokha ndipo ilibe mnzake. N'chifukwa chake 36 ili ndi mafakita 9 ndipo 100 ilinso ndi 9. Tikangoona kuti 240 imagawika ndi 2, tadziwa kale kuti 720,720 si sikweya, tisanagwire n'komwe kalikuleta.

Wophunzira masamu ku yunivesite, kwawo ku Makhanga

Akuluakulu, mundilole ndilowe pa funso loyamba lija la magulu, chifukwa 240 imene agogo apeza ndi imene yapatsa nambalayi dzina lake lalikulu. Palibe nambala iliyonse yochepera 720,720 imene ili ndi mafakita okwana 240. Nambala yotere, yoposa zonse za pansi pake pa kuchuluka kwa mafakita, imatchedwa highly composite number, ndipo amene anazifufuza mozama ndi Srinivasa Ramanujan wa ku India, yemwe anabadwa mu 1887 n'kumwalira mu 1920 ali ndi zaka 32 zokha. Anapita ku yunivesite ya Cambridge ku England mu 1914 atayitanidwa ndi katswiri wa masamu G. H. Hardy, ndipo mu 1915 anasindikiza kafukufuku wake wautali wokhudza nambala zimenezi. Mndandanda wake umayamba ndi 1, 2, 4, 6, 12, 24, 36, 48, 60, 120, ndipo mukuona kuti muli nambala zimene timakhala nazo tsiku ndi tsiku: 12 ya dazeni, 24 ya maola, 60 ya mphindi, komanso patsogolo pake 360 ya madigiri. Chakumtunda kuno, imene yatsogolera yathu ndi 665,280 yomwe ili ndi mafakita 224, ndipo yotsatira yake ndi 1,081,080 yomwe ili ndi 256. Choncho pa nambala zonse zosafika miliyoni imodzi palibe imene ikuposa 240.

Ramanujan anaonetsanso mmene nambala yotere iyenera kumangidwira. Iyenera kugwiritsa nambala za prime zotsatizana kuyambira pa 2 popanda kudumpha, ndipo prime yaikulu siingabwerezedwe kambiri kuposa yaing'ono. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona ndi chitsanzo. Tengani 720,720, muchotse 13 n'kuikapo 17. Mupeza 942,480, yomwe ili ndi mafakita 240 omwewo popeza zosankha zija sizinasinthe, koma yakula popanda phindu. Kuchuluka kwa mafakita sikuyang'ana kukula kwa prime koma kuti yabwerezedwa kangati, ndiye nambala yofuna mafakita ambiri ili yaing'ono iyenera kuyamba yagwiritsa ma prime otsika mtengo. Pansi pa miliyoni pali nambala zisanu za mafakita 240, zomwe ndi 720,720, 831,600, 942,480, 982,800 ndi 997,920, koma dzina lija limapita kwa yoyamba yokha.

Mayi mphunzitsi wa pulayimale, Nchalo

Ngati ndamva bwino, ndiye kuti 360,360 nayonso ili m'gulu limeneli. Ndi 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13, sinadumphe prime iliyonse, ndipo 2 wabwerezedwa kambiri kuposa 3. Komanso ndiyo yaing'ono kwambiri yogawika ndi nambala zonse mpaka 15.

Wophunzira masamu ku yunivesite, kwawo ku Makhanga

Mayi, mwatsata malamulo molondola, koma malamulowo akungonena zimene nambala iyenera kukhala nazo, sakulonjeza kuti iliyonse yokhala nazo yalowa m'gulu. Mafakita a 360,360 ndi 4 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2, omwe ndi 192. Tsono pali 332,640, yomwe ndi 2 kasanu, 3 katatu, kenako 5, 7 ndi 11, ndipo mafakita ake ndi 6 × 4 × 2 × 2 × 2, omwenso ndi 192. Popeza 332,640 ndi yaing'ono ndipo inafika kale pa 192, 360,360 siyoposa zonse za pansi pake. Apa tikuona kuti kugawika ndi nambala zonse zotsatizana ndi khalidwe lina, ndipo kukhala ndi mafakita ochuluka kuposa zinzake ndi khalidwe linanso. Pa 2,520 yomwe imagawika mpaka 10, pa 27,720 yomwe imagawika mpaka 12, ndi pa 720,720, makhalidwe awiriwa akumana. Pa 360,360 asiyana.

Mayi mphunzitsi wa pulayimale, Nchalo

Ndachulukitsa ndekha ndipo 332,640 yatulukadi ndi mafakita 192. Ndavomera.

Wophunzira wa Fomu 4, Nsanje

Ine ndili ndi ganizo pa nambala yoyandikana nayo. Tinaphunzira kuti Euclid, katswiri wa masamu wachigiriki wakale, anaonetsa kuti nambala za prime sizitha pochulukitsa ma prime n'kuwonjezera 1. Popeza 720,720 imagawika ndi 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13, ndiye kuti 720,721 sigawika ndi iliyonse mwa izi chifukwa nthawi zonse patsala 1. Ndikuganiza kuti 720,721 ndi prime.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Chikwawa

Mwanangu, theka loyamba la ganizo lako ndi lolimba, ndipo ndakondwa kuti ukuganiza chonchi uli pa Fomu 4. Zoonadi 720,721 sigawika ndi prime iliyonse kuyambira 2 mpaka 13. Koma ma prime sathera pa 13, ndipo kuti titsimikize kuti nambala ya msinkhu uwu ndi prime tiyenera kuyesa onse osapitirira 848. Tenga cholembera uchulukitse 71 ndi 10,151. Upeza 710,000 kuphatikiza 10,721, zomwe zikukwana 720,721. Choncho si prime. Cholakwika chimenechi ndinachiona kwa ophunzira ambiri pa zaka zonse zimene ndinagwira choko, ndipo ngakhale aphunzitsi ena amachiphunzitsa osadziwa. Euclid sananene kuti nambala yotulukayo ndi prime. Ananena kuti nambalayo iyenera kukhala ndi fakita ya prime imene sinali pa mndandanda woyamba, ndipo zimenezo n'zokwanira kuonetsa kuti mndandanda uliwonse ndi wosakwanira. Chitsanzo chodziwika chili pafupi ndi nkhani yathu: 2 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13 ndi 30,030, ndipo 30,031 ndi 59 × 509. Ma prime awiriwa ndi atsopano, monga Euclid analonjezera, koma 30,031 si prime.

Pali chinanso chimene chikutuluka pa funso lakoli. Nambala 720,722 imagawika ndi 2, 720,723 imagawika ndi 3, 720,724 ndi 4, ndipo zimapitirira choncho mpaka 720,736 yomwe imagawika ndi 16. Tikaphatikiza 720,720 ndi 720,721, tili ndi nambala 17 zotsatizana popanda prime ngakhale imodzi. Njira yomweyi ikhoza kupanga mpata wotalika mmene munthu angafunire.

Wophunzira wa Fomu 4, Nsanje

Takhuta agogo. Ndachulukitsa ndipo zatuluka monga mwanenera. Ndikakonza zimene ndinalemba m'kope.

Mphunzitsi wa masamu, Ngabu

Tsopano tisiye kuwerenga mafakita, tiyambe kuwaphatikiza. Nayonso ili ndi njira yachidule. Pa 2 timaphatikiza 1 + 2 + 4 + 8 + 16 n'kupeza 31, pa 3 timaphatikiza 1 + 3 + 9 n'kupeza 13, ndipo pa otsalawo timapeza 6, 8, 12 ndi 14. Tikachulukitsa zonsezi tikupeza 3,249,792. Tikachotsapo nambalayo mwini wake, mafakita ake ena onse akukwana 2,529,072, zomwe zikuposa 720,720 katatu ndi theka. Agiriki akale ankagawa nambala patatu potengera zimenezi. Zina mafakita ake amakwana ndendende nambalayo, monga 6 yomwe ndi 1 + 2 + 3, komanso 28, 496 ndi 8,128, ndipo zimatchedwa perfect. Zina mafakita ake amaperewera, monga ma prime onse. Zina amapitirira, ndipo zimatchedwa abundant, zomwe m'Chichewa ndingazitche nambala zosefukira. Yathu ili m'gulu lachitatuli.

Wophunzira masamu ku yunivesite, kwawo ku Makhanga

Aphunzitsi, ndikuvomereza, komabe dzina loti abundant palokha silikutiuza zambiri, chifukwa nambala iliyonse yogawika ndi 6 yoposa 6 ili m'gulu limeneli, kuyambira 12, 18, 24 mpaka kosatha. Funso lofunika ndi loti yasefukira motani. Tikagawa zophatikiza za mafakita onse ndi nambalayo, 12 ikupereka 2.33, 60 ikupereka 2.8, 5,040 ikupereka 3.84, 55,440 ikupereka 4.19, ndipo 720,720 ikupereka 4.51. Palibe nambala yochepera 720,720 imene ikufika pa 4.51, ndipo nambala yotere imatchedwa superabundant, dzina limene linachokera kwa Leonidas Alaoglu ndi Paul Erdős mu 1944. Pali gulu lina lofinyika kwambiri lotchedwa colossally abundant, lomwe limayamba ndi 2, 6, 12, 60, 120, 360, 2,520, 5,040, 55,440, ndipo yakhumi ndi 720,720. Mukayang'anitsitsa muona kuti iliyonse ikuchokera ku inzake yam'mbuyo pochulukitsa ndi prime imodzi: 5,040 × 11 ndi 55,440, ndipo 55,440 × 13 ndi nambala yathu.

Chifukwa chimene ndikulimbikira pa mfundoyi n'chakuti ikukhudza funso limodzi mwa mafunso aakulu kwambiri amene sanayankhidwebe. Mu 1859 Bernhard Riemann wa ku Germany anapereka ganizo lokhudza mmene ma prime amwazikira pakati pa nambala zonse, ndipo mpaka lero palibe amene walitsimikiza kapena kulitsutsa. Mu 2000 bungwe la Clay Mathematics Institute linaika mphotho ya madola 1 miliyoni kwa amene adzalithetse. Mu 1984 Guy Robin wa ku France anaonetsa kuti ganizo la Riemann n'loona pokhapokha ngati kusefukira kumene tawerengeraku sikudutsa malire ena ake pa nambala iliyonse yoposa 5,040. Malirewo amapezeka potenga logarithm yachilengedwe ya nambalayo (batani la ln pa kalikuleta), kutenganso logarithm ya yankholo, n'kuchulukitsa ndi pafupifupi 1.781. Pa 5,040 malire ndi 3.82 ndipo nambalayo ikuwadutsa ndi 3.84 yake ija. Pa 720,720 malire ndi 4.63, ndipo 4.51 ili pansi pake. Zinatsimikizidwanso kuti ngati ilipo nambala yoposa 5,040 yodutsa malirewa, yoyamba yake iyenera kukhala superabundant. Choncho nambala imene mtsikana wa ku Ngabu anaipeza pa funso la aganyu ili m'banja lenilenilo limene akatswiri amaliyang'anitsitsa pa nkhani ya Riemann.

Mlangizi wa zaulimi, Miseu Folo

Zimenezi n'zozama, ndipo ndiziwerenganso madzulo kukazizira. Koma agogo, munalonjeza kufotokoza za 135,135.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Chikwawa

Sindinaiwale achimwene. Mukachulukitsa nambala ya madijiti atatu ndi 1,001, mukuichulukitsa ndi 1,000 n'kuiwonjezeranso kamodzi, ndiye imalembeka kawiri motsatizana. Choncho 720,720 ndi 720 × 1,001. Inu munachulukitsa ndi malo a phando limodzi, ndipo malowo atachulukitsidwa ndi 720 anapereka 135 yathunthu, pamene 1,001 inatsala osakhudzidwa, n'chifukwa chake munapeza 135,135. Tsono 1,001 ndi 7 × 11 × 13, ma prime atatu omalizira a nambala yathu, pamene 720 yanyamula 16, 9 ndi 5. Ndili m'kalasi ndinkauza mwana kuti alembe nambala iliyonse ya madijiti atatu kawiri, monga 483,483, agawe ndi 7, yankholo agawe ndi 11, kenako ndi 13, ndipo ankadabwa kuona 483 yake ikubwerera popanda chotsala. Ana amene ankaopa kugawa kwautali ankapempha okha kuti ayesenso ndi nambala ina.

Palinso dzina lina. Madijiti a 720,720 akaphatikizidwa akukwana 18, ndipo nambalayo imagawika ndi 18 kupereka 40,040. Nambala yogawika ndi zophatikiza za madijiti ake imatchedwa Harshad, dzina limene linaperekedwa ndi D. R. Kaprekar, yemwe anali mphunzitsi wa pasukulu ku India.

Wophunzira masamu ku yunivesite, kwawo ku Makhanga

Agogo, ndi ulemu wonse, ine sindingaike dzina la Harshad pa mzere umodzi ndi mayina ena aja. Mafakita 240 ndi a nambalayo ngakhale titailemba mwa njira ina iliyonse, ndipo mulu wa njere 720,720 ungagawike m'njira zomwezo kwa munthu amene sadziwa kulemba. Koma kubwereza kwa 720 ndi kuphatikiza madijiti kukudalira pakuti ife timawerenga m'makhumi. Kompyuta imene imalemba ndi 0 ndi 1 yokha imailemba nambalayi kuti 10101111111101010000, ndipo 720 wobwerezedwa uja wasowa. Chimene chikuoneka pamenepo ndi ma 0 anayi a kumapeto, omwe akusonyeza kuti imagawika ndi 16. Ndikuona kuti ophunzira ayenera kuuzidwa momveka kuti makhalidwe ena ndi a nambala ndipo ena ndi a kalembedwe kathu.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Chikwawa

Mwanangu, kusiyanitsa kumene wapangako n'koona ndipo ndikufuna aphunzitsi onse pano akusunge. Kumene ndikusiyana nawe ndi pa kupeputsa makhalidwe a kalembedwe. Mwana wa Sitandade 7 ku Chapananga kapena ku Tengani sangayambire pa Robin. Amayambira pa zimene maso ake akuona pa bolodi, ndipo akafunsa chifukwa chake 483,483 yagawika ndi 7, funsolo limamufikitsa ku 1,001, ndipo 1,001 imamufikitsa ku ma prime. Komanso kugawika kwa 1,001 ndi 7, 11 ndi 13 si nkhani ya kalembedwe, ndi khalidwe lenileni la nambalayo. Kalembedwe kathu kangotithandiza kuliona msanga. Lamulo loti nambala imagawika ndi 9 ngati madijiti ake akuphatikizana kukhala nambala yogawika ndi 9 nalonso limadalira makhumi, koma lili ndi umboni wake wolimba, woti 10, 100 ndi 1,000 zonse zimatsala ndi 1 zikagawidwa ndi 9.

Wophunzira masamu ku yunivesite, kwawo ku Makhanga

Pa 1,001 ndagonja agogo, mwandionetsa mbali imene ndinaidumpha. Pa Harshad ndikhalabe ndi maganizo anga, chifukwa nambala yokhala ndi mafakita ang'onoang'ono ochuluka chonchi n'zosadabwitsa kuti igawike ndi 18.

Mayi mphunzitsi wa pulayimale, Nchalo

Tatchula magulu ambiri amene nambalayi ilimo. Kodi alipo ena odziwika amene ikukanika kulowamo, kupatula prime, sikweya ndi perfect?

Mphunzitsi wa masamu, Ngabu

Alipo mayi. Singalembedwe ngati masikweya awiri ophatikizidwa, monga momwe 25 ilili 9 + 16. Lamulo lake limati prime iliyonse imene imatsala ndi 3 ikagawidwa ndi 4 iyenera kupezeka kawiri, kanayi kapena mopitirira awiriawiri choncho. Mu nambala yathu 3 alipo kawiri ndipo alibe vuto, koma 7 ndi 11 alipo kamodzikamodzi, ndipo amenewa ndi amene atseka njira. Ndi masikweya anayi zimatheka pa nambala iliyonse, monga katswiri wa masamu Lagrange anatsimikizira mu 1770. Komanso si nambala ya thirayango, ija imene imapezeka pophatikiza 1 + 2 + 3 motsatizana, chifukwa kuphatikiza mpaka 1,200 kukupereka 720,600 ndipo mpaka 1,201 kukupereka 721,801.

Wophunzira wa Fomu 4, Nsanje

Aphunzitsi, nanga ngati sitiyambira pa 1? Ndaona kuti 240,239 + 240,240 + 240,241 ikukwana 720,720. Kodi njira zotere zilipo zingati, ndipo yaitali kwambiri ndi iti?

Mphunzitsi wa masamu, Ngabu

Funso labwino kwambiri, ndipo yankho lake likubwereranso ku zidutswa zomwe zija. Njira zolembera nambala ngati kuphatikiza kwa nambala zotsatizana zimafanana kuchuluka ndi mafakita ake osagawika ndi 2. Tikasiya 2 pambali, zosankha zikutsala 3 × 2 × 2 × 2 × 2, zomwe ndi 48. Imodzi mwa izo ndi nambalayo itaima yokha, choncho njira zenizeni ndi 47, ndipo yako ya nambala zitatu ndiyo yaifupi kwambiri. Kuti tipeze yaitali, tikumbukire kuti kuphatikiza nambala zotsatizana n'chimodzimodzi kutenga ya pakati n'kuichulukitsa ndi kuchuluka kwake. Fakita 1,155, yomwe ndi 3 × 5 × 7 × 11, ikugawa 720,720 kupereka 624. Ndiye tikufuna nambala 1,155 zotsatizana zomwe ya pakati pake ndi 624, kutanthauza 577 kumanzere ndi 577 kumanja. Yoyamba ikukhala 47 ndipo yomaliza 1,201. Fakita yotsatira yosagawika ndi 2 ndi 1,287, koma ya pakati pake ikukhala 560 ndipo kumanzere kukufunika nambala 643, zomwe zingatitsitse pansi pa 0.

Wophunzira wa Fomu 4, Nsanje

Ndayesa kutsimikiza pogwiritsa zimene munalemba poyamba zija. Kuphatikiza 1 mpaka 1,201 munati ndi 721,801. Kuphatikiza 1 mpaka 46 ndi 46 × 47 kugawa ndi 2, zomwe ndi 1,081. Ndikachotsa 1,081 pa 721,801 ndikutsala ndi 720,720 ndendende. Mawa ndikayesa kupeza njira zina 45 zotsalazo, kuyambira ndi ya nambala zisanu yomwe ya pakati pake ndi 144,144.